Kufuna zakumwamba tidakali pansi pano: mafunso ndi mayankho

Mawu akuti "funani zakumwamba" amamveka bwino paguwa, makamaka pamaliro. Likafika Lolemba, eni nyumba akufuna lendi, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, m'thumba la ufa mwatsala pang'ono, mawu omwewo amayamba kudzutsa mafunso. Awa ndi ena mwa mafunso amene Akhristu timafunsana kumiphakati, kumilaga ndi kumisonkhano ya achinyamata. Muwerenge Baibulo lili pafupi, kuti mavesi ndatchulawa muziwaona nokha.

Kodi zakumwamba zimene tikuuzidwa kuti tizifunazo n'chiyani?

Mawuwa ali pa Akolose 3:1-2, ndipo Paulo anawalemba ali m'ndende: "funani zakumwamba, kumene kuli Khristu wokhala pa dzanja lamanja la Mulungu." Ambiri timalekezera pomwepa n'kutseka Baibulo, kenako n'kumaganiza kuti nkhani yake ndi yolota misewu ya golide ndi nyimbo za angelo. Mukapitiriza kuwerenga mutu womwewo mupeza kuti Paulo akutchula yekha za padziko zimene akunena: dama, chilakolako choipa, mkwiyo, mwano, bodza, ndiponso chisiriro, chimene akuti n'kupembedza mafano. Zakumwamba akuzitchulanso: chifundo, kukoma mtima, kudzichepetsa, kuleza mtima, kukhululukirana, chikondi. Akatero akulowa m'nyumba, kukalankhula ndi mwamuna ndi mkazi wake, makolo ndi ana awo, wantchito ndi bwana wake.

Choncho zakumwamba ndi zofuna za Khristu amene akulamulira panopa. Zimaonekera pa mmene mukuyezera nyemba pamsika, mmene mukuyankhira apongozi anu akakuputani, mmene mukulembera malisiti ku ofesi. N'zomwe timapempha m'pemphero la Ambuye, kuti kufuna kwake kuchitike pansi pano monga kumwamba.

Ndiye kuti munda, geni ndi sukulu n'zachabe pamaso pa Mulungu?

Ayi ndithu. Adamu anapatsidwa munda wa Edene kuti aziulima ndi kuusamalira tchimo lisanalowe m'dziko (Genesis 2:15). Yesu anali mmisiri wa matabwa ku Nazarete zaka zambiri asanayambe kulalikira. Paulo ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Ndipo atamva kuti ku Tesalonika kuli abale ena amene asiya ntchito n'kumangoyendayenda m'makomo mwa anzawo, sanawatche auzimu. Anawalembera kuti ngati munthu safuna kugwira ntchito, asadyenso (2 Atesalonika 3:10).

Amayi amene amalawirira kukaoda tomato kuti ana adye, mnyamata wa kabaza amene amapalasa tsiku lonse osanamiza munthu mtengo, mphunzitsi amene amalowa m'kalasi ya ana oposa zana limodzi n'kuphunzitsa ndi mtima wonse, onsewa akhoza kukhala akufuna zakumwamba kuposa wina amene sajomba kumapemphero. Akolose 3:23 amati chilichonse mukachichita, chitani ndi mtima wonse monga mukuchitira Ambuye. Vesi limeneli linalembedwera akapolo, anthu amene ntchito yawo inalibe ulemu kwa wina aliyense.

Yesu anati tisadere nkhawa za mawa. Kodi kusunga matumba a chimanga kapena kulowa banki m'khonde si kusowa chikhulupiriro?

Nkhawa ndi kukonzekera n'zosiyana. Yosefe anasunga tirigu zaka 7 za zokolola zambiri, ndipo Igupto yense ndi banja la Yakobo anapulumuka pa njala. Miyambo 6:6-8 amatitumiza kwa nyerere kuti tikaphunzire kusunga chakudya m'masika. Paulo amati makolo ndiwo ayenera kusungira ana (2 Akorinto 12:14). Munthu amene wakolola bwino mu Meyi n'kugulitsa chimanga chonse kwa mavenda pa mtengo wolira, n'kumati Mulungu adzaona, ndiyeno mu Febuluwale n'kuyamba kusaka ganyu, ameneyo sanaonetse chikhulupiriro. Wangotaya mphatso.

Vuto limabwera pamene nkhokwe yasanduka chodalira cha moyo wathu. Werengani bwinobwino fanizo la pa Luka 12:16-21. Mwini chuma uja sanabe kanthu. Munda wake unangopatsa bwino. Koma pamene akulingalira zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, mumtima mwake mulibe munthu wina aliyense. Antchito amene analima mundawo sakuwatchula, wamasiye wa pamudzi sakumutchula, Mulungu amene anagwetsa mvula sakumutchula. Akungolankhula ndi moyo wake, kuuuza kuti upumule, udye, umwe, pakuti uli ndi chuma cha zaka zambiri. Usiku womwewo moyowo unafunidwa.

Ife a kuno sitisowa wotiuza kuti chuma cha pansi pano n'chosakhalitsa. Yesu anatchula njenjete, dzimbiri ndi mbala. Ife tikudziwa anankafumbwe ndi chiswe. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama zoti agule malata anapeza kuti sizikukwananso. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Ambiri mwa iwo anali okhulupirira okhulupirika, ndipo sindikunena kuti chinali chilango. Ndikunena kuti nyumba imene munthu wamanga zaka khumi ikhoza kupita usiku umodzi. Sungani, konzekerani, lowani banki m'khonde ngati malamulo ake ali achilungamo. Koma musaiuze nkhokwe kuti ndiwe mpulumutsi wanga.

Kodi kulemera ndi tchimo?

Si tchimo. Abrahamu ndi Yobu anali olemera. Lidiya wa ku Filipi ankachita malonda a nsalu zodula ndipo mpingo unkakumana kunyumba kwake. Yosefe wa ku Arimateya anapereka manda ake kuti muikidwe thupi la Yesu. Luka 8:3 amatchula amayi amene ankathandiza utumiki wa Yesu ndi chuma chawo. Chimene 1 Timoteo 6:10 akuchitcha muzu wa zoipa ndi chikondi cha pa ndalama, ndipo chikondi chimenechi chimapezeka m'matumba odzaza ndi opanda kanthu omwe.

Komabe tisathamangire kudzitonthoza. Yesu ananena mosabisa kuti n'kovuta kuti wachuma alowe mu Ufumu wa Mulungu, ndipo mnyamata wolemera uja anachoka ali wachisoni chifukwa sakanatha kusiyana ndi katundu wake (Marko 10:17-25). Chuma n'choopsa chifukwa chimachititsa munthu kumva ngati sakusowanso wina aliyense. Pali mafunso atatu amene Mkhristu wopeza bwino sangawazembe. Munachipeza bwanji? Mukuchigwiritsa ntchito yanji? Nanga Mulungu atachifuna lero, mungachisiye? Funso loyambalo lili ndi mano. Yakobo 5:4 amati malipiro a antchito amene munawamana akufuula, ndipo kufuulako kwafika m'makutu a Ambuye. Ngati mlonda wanu kapena mtsikana wa ntchito kunyumba kwanu watha miyezi iwiri osalandira, pamene inu mwapereka envulopu yonenepa pa tsiku la zamasika, mwayamba ndi kumapeto. Kalipireni kaye.

Ine ndine wosauka. Kodi uthenga umenewu si njira chabe yotitseka pakamwa kuti tisadandaule?

Funso ili ndimalilemekeza, chifukwa n'zoona kuti uthengawu wagwiritsidwapo ntchito molakwika. Alipo amene amauza wosauka kuti apirire, mphotho yake ili kumwamba, pamene iwo akudya zawo pansi pompano. Baibulo silili kumbali yawo. Amosi anadzudzula ogulitsa osauka chifukwa cha nsapato. Yakobo anadzudzula mpingo umene umapatsa wovala mphete yagolide mpando wabwino n'kuuza wausiwa kuti akhale pansi (Yakobo 2:1-4), ndipo anafunsa kuti pali phindu lanji kuuza munthu wanjala kuti apite ndi mtendere, osamupatsa kanthu. Umphawi si chizindikiro cha chiyero, ndipo kufuna kutulukamo si kukonda dziko.

Chimene uthengawu umapatsa wosauka n'chakuti mtengo wake suwerengedwa ndi zimene ali nazo. Yesu anati moyo wa munthu sulingana ndi kuchuluka kwa zinthu zake (Luka 12:15). Anthu amene ankamva Yesu akunena za mbalame za mlengalenga ndi maluwa a kuthengo ambiri anali alimi ndi asodzi odziwa njala. Sanawanyoze chifukwa choganizira chakudya ndi zovala. Anawauza kuti Atate wawo akudziwa kuti amazisowa zimenezo.

Palinso chenjezo. Umphawi uli ndi mayesero ake: kupita kwa sing'anga kukafuna mankhwala a bizinezi, kulola mwana wamkazi wa zaka 15 kuti akwatiwe ndi mwamuna wa ndalama, kuchitira nsanje mnansi mpaka kumunenera kuti anakhwima. Aguri anapemphera kuti Mulungu asamupatse umphawi kapena chuma, kuopa kuti akakhuta angakane Yehova, akasauka angabe (Miyambo 30:8-9). Ankadziwa kuti mbali zonse ziwiri kuli dzenje.

Abusa ena amati tikafesa mbewu tidzakolola galimoto, nyumba ndi viza. Amatchulanso Mateyu 6:33. Kodi akulakwa?

Vesilo limati muthange mwafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake, ndipo zonse zimenezo zidzawonjezedwa kwa inu. "Zonse zimenezo" zatchulidwa kale m'mavesi a pamwamba pake: chakudya, chakumwa, chovala. Ndi lonjezo la Atate wosamala ana ake. Wina akalitembenuza kuti likhale njira yolemerera, ndiye kuti chofunidwacho chidakali chuma, Ufumu wangosanduka khomo lolowera. Paulo anachenjeza Timoteo za anthu oyesa kuti chipembedzo ndi njira yopezera phindu (1 Timoteo 6:5).

Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro anamuuza kuti ndalama yakeyo iwonongeke naye pamodzi (Machitidwe 8:18-20). Elisa atachiritsa Naamani anakana mphatso iliyonse, ndipo Gehazi amene anathamangira mphatsoyo mobisa anatenga khate. Yesu anati munalandira kwaulere, patsani kwaulere. Ndiye mukaona kuti pemphero lili ndi mtengo wake, kuti kukumana ndi munthu wa Mulungu n'kolipira, kuti mafuta, madzi ndi zomata pagalimoto zikugulitsidwa ngati zotchinjiriza ku ngozi, dziwani kuti mwalowa mumsika.

Kupereka n'kwabwino ndipo mpingo sungayende popanda zopereka. Wantchito ayenera malipiro ake, abusa nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Koma perekani monga mwatsimikiza mumtima, mosakakamizidwa (2 Akorinto 9:7). Musakatenge katapila kuti mukafese mbewu. Zimandipweteka mtima kuona mayi wamasiye akupereka mpamba wa geni yake yonse chifukwa wauzidwa kuti akapanda kutero sakhulupirira.

Ndingadziwe bwanji kuti mtima wanga wayamba kukonda za dziko?

Kawirikawiri simudzidzimuka tsiku limodzi n'kupeza kuti mwasiya Mulungu. M'fanizo la wofesa, mbewu ya paminga inamera bwinobwino, kenako nkhawa za moyo uno, chinyengo cha chuma ndi kulakalaka zinthu zina zinaitsamwitsa (Marko 4:19). Alimi a chimanga amadziwa kaufiti: amayamba kuyamwa mizu pansi pa nthaka, ndipo pamene timaluwa take tofiira tikuonekera pamwamba, chimanga chapinimbira kale. Dema anali wantchito mnzake wa Paulo, wotchulidwa m'makalata awiri pakati pa opereka moni. M'kalata yomaliza Paulo akungoti Dema wandisiya, atakonda dziko lino (2 Timoteo 4:10).

Yesu anapereka muyeso wosavuta: kumene kuli chuma chako, komweko kudzakhalanso mtima wako. Tsegulani uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wa mwezi wathawu muone kumene ndalama zanu zinapita. Kumbukirani chimene mumayamba kugwira mukadzuka. Dzifunseni kuti n'chiyani chimakusowetsani tulo, ndipo mnzanu amene munali naye kalasi imodzi akaika chithunzi cha nyumba yake yatsopano pa Facebook, mumtima mwanu mumachitika zotani. Funso lalikulu kuposa onsewa ndi ili: n'chiyani chimene mungalolere kunama kuti musachitaye? Chimenecho ndicho chakhala pampando.

Kuntchito kwathu aliyense amalandira kangachepe. Ndikakana ndimaoneka wopusa, mwinanso ndichotsedwa. Nditani?

Apa ndi pamene nkhani ya zakumwamba imasiya kukhala nyimbo. Yohane Mbatizi sanauze amisonkho ndi asilikali kuti asiye ntchito. Amisonkho anawauza kuti asalandire zoposa zimene analamulidwa, asilikali anawauza kuti asalande za munthu, akhutire ndi malipiro awo (Luka 3:12-14). Mawuwa akufika ndithu kwa wa pa rodibuloko, kwa kalaliki wosainira maalawansi a msonkhano umene sanapiteko, kwa wosunga mankhwala kuchipatala.

Dziko lathu anthu ambiri amadzitcha Akhristu, komabe mu 2013 tinaona nkhani ya Cashgate, ndalama za boma zikutuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanabwere. Ndalama zotere zikabedwa, wina amakafera pabenchi ya chipatala kopanda mankhwala. Chakhumi chochokera pa ndalama imeneyo sichiyeretsa zotsalazo.

Sindikunamizani kuti mukakana zonse zidzayenda bwino. Mukhoza kusalidwa, kusamutsidwa, kapena kudumphidwa pokweza anthu. Yosefe anakana tchimo n'kukathera m'ndende. Mose anasankha kuzunzika pamodzi ndi anthu a Mulungu kusiyana ndi chuma cha Igupto, chifukwa ankayang'ana mphotho ya m'tsogolo (Ahebri 11:24-26). Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Yesu anati simungatumikire Mulungu ndi chuma. Musalimbane nazo nokha. Pezani Mkhristu wina wokhwima maganizo amene mungamamuuze zimene mukukumana nazo. Ndipo mpingo umene umalalikira kuti anthu akane ziphuphu ukhale wokonzeka kugulira ufa banja la munthu amene wataya ntchito chifukwa chokana.

Ngati kwathu ndi kumwamba, n'kulowereranji za ndale ndi kuvota?

Paulo analembera Afilipi kuti ife ndife nzika za kumwamba (Afilipi 3:20). Koma mumzinda wa Filipi womwewo, atakwapulidwa popanda mlandu, anakana kutuluka m'ndende mwakachetechete. Anati iye ndi mfulu ya Chiroma, akuluakuluwo abwere okha adzamutulutse (Machitidwe 16:37). Yeremiya anauza Ayuda amene anali ku ukapolo ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda, ndipo afunire mtendere mzinda umene akukhalamo (Yeremiya 29:5-7).

Mbiri yathu ili ndi umboni. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za malipiro ochepa, za zipatala ndi sukulu, za anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Maepiskopiwo anaopsezedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo, mpaka pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu imene inabweretsa ndale za zipani zambiri. Anthu amenewo analankhula chifukwa ankaopa Mulungu kuposa munthu. Kuyang'ana kumwamba ndiko kunawalimbitsa mtima.

Kavoteni, funsani aphungu ndi makhansala anu za mjigo ndi mlatho. Choyenera kupewa n'kuika chiyembekezo chonse pa chipani, kudana ndi mbale wa mumpingo chifukwa cha mtundu wa nsalu imene wavala, kapena kugulitsa guwa kwa wandale wobwera ndi envulopu nthawi ya kampeni.

Akunyumba kwathu amangokhalira kuphiri ndi kumapemphero a usiku. Pakhomo palibe chikuyenda. Ndikadandaula amati ndine wathupi. Kodi ndikulakwa?

Simukulakwa. Pemphero ndi kusala kudya n'zofunika, ndipo Yesu mwini ankapita kuphiri kukapemphera. Koma ankatsikako n'kukadyetsa anthu. 1 Timoteo 5:8 amati munthu wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro, ndipo waipa kuposa wosakhulupirira. Yesu anadzudzula Afarisi amene ankati chuma chimene akanathandizira makolo awo achipereka kwa Mulungu (Marko 7:9-13). Pa za kupatukana kwa mwamuna ndi mkazi chifukwa cha pemphero, Paulo amati kukhale kogwirizana ndiponso kwa kanthawi (1 Akorinto 7:5).

Ena amabisala kumapemphero pothawa ngongole, pothawa kukambirana ndi mnzawo, pothawa khasu. Lankhulani nawo mofatsa pa nthawi yabwino. Zikakanika, pitani kwa ankhoswe ndi kwa akulu a mpingo. Ngati mtsogoleri wa gululo ndi amene akuwauza kuti banja ndi chopinga, kapena kuti asiye kumwa mankhwala a kuchipatala, musadikire, nkhaniyo ndi yoopsa.

Yesu akubwera posachedwa. N'kubzaliranji mitengo kapena kuvutika ndi sukulu?

Chifukwa tsikulo palibe amene akulidziwa (Mateyu 24:36), ndipo wodala ndi kapolo amene mbuye wake adzam'peza akugwira ntchito imene anamusiyira. Yesu atakwera kumwamba, ophunzira anaima n'kumayang'ana m'mitambo, angelo n'kuwafunsa kuti mwaimiranji (Machitidwe 1:11).

Oika masiku akhala akulephera nthawi zonse. Ku America otsatira a William Miller anadikira pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Mlaliki wina wa komweko, Harold Camping, analengeza za 21 Meyi 2011, ndipo ena anawononga ndalama zimene anasunga moyo wawo wonse polengeza tsikulo. Kuno ku Africa zinafika poipa kwambiri. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, mu Malichi 2000, anthu mazanamazana a gulu lodikira kutha kwa dziko anaphedwa, ambiri atatenthedwa m'nyumba yopemphereramo. Ku nkhalango ya Shakahola ku Kenya, kuyambira mu 2023, kunafukulidwa mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu. Pakati pawo panali ana ambiri. Chiphunzitso chilichonse chimene chimachititsa mayi kumana mwana wake chakudya sichichokera kwa Iye amene anati lolani ana adze kwa Ine.

Yerekezani ndi zimene anachita okhulupirira ena amene ankayembekezanso kubwera kwa Ambuye. Ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Nkhoma, ku Mua, ku Malamulo, pafupi ndi tchalitchi panamangidwa sukulu ndi chipatala. John Chilembwe atabwerako ku America mu 1900 anayambitsa mishoni ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndipo pamodzi ndi kulalikira anatsegula sukulu. Mpaka lero zipatala za mipingo zikuthandiza anthu ambiri a kumidzi kumene chipatala cha boma chili kutali. Chivumbulutso 21 amaonetsa mzinda woyera ukutsika kuchokera kumwamba, Mulungu n'kudzakhala ndi anthu. Mulungu sanalitaye dziko lake. Bzalani mitengoyo.

Ndili ku Joni. Ndimagwira ntchito ngakhale Lamulungu kuti ndizitumiza kumudzi ndi kumaliza nyumba. Kodi ndasochera?

Kutumiza ndalama kwa makolo ndi ana ndi ntchito yolemekeza Mulungu, ndipo ambiri amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain sasankha okha masiku ogwira ntchito. Musadziweruze pa zimene simungathe kusintha. Koma dzifunseni moona mtima ngati mashifiti onsewo ndi okakamizidwa, kapena mwangozolowera kusakana ndalama. Ambiri amati ndikamaliza nyumba ndidzabwerera kwa Mulungu. Nyumba ikatha pamabwera mpanda, mpanda ukatha pamabwera minibasi. Yakobo 4:13-15 akulankhula ndendende ndi anthu onena kuti tipita kumzinda wakuti, tikakhaleko chaka, tikachite malonda ndi kupindula, osadziwa za mawa.

Pezani abale opemphera nawo, ngakhale likhale tsiku la pakati pa sabata. Ndipo kumbukirani kuti kumudzi akufuna zoposa ndalama. Mwana amene akukula akudziwa bambo ake ngati dzina lobwera pa uthenga wa Mukuru akusowa kanthu kamene malata sangam'patse. Lonjezo la ukwati nalonso silithera pa Mwanza kapena pa Dedza.

Nanga kubetcha pa mpira?

Kumadya mtima womwe tikunenawu: kufuna kulemera msanga popanda thukuta. 1 Timoteo 6:9 amati ofuna kulemera amagwa m'mayesero ndi mumsampha. Makampani obetchetsa amapeza phindu chifukwa oluza ndi ochuluka kuposa opambana, ndipo ndalama imene mwawina ndi ya mnyamata wina amene waluza ya fizi. Ngati mwayamba kubisa, kukongola kapena kugulitsa katundu chifukwa cha kubetcha, uzani munthu lero.

Ndimapemphera koma nkhawa sizikutha. Kodi chikhulupiriro changa n'chochepa?

Musawonjezere mtolo wa kudzitsutsa pamwamba pa mtolo muli nawo kale. Paulo amene analemba kuti musadere nkhawa konse (Afilipi 4:6) ndi yemwenso anavomera kuti ku Asiya anathodwa mpaka kutaya chiyembekezo cha moyo (2 Akorinto 1:8). Ndipo za kukhutira ndi zimene ali nazo anati anachita kuphunzira. Chinthu chophunzira chimatenga nthawi. Eliya atafooka n'kupempha imfa pansi pa mtengo, Mulungu anayamba wamupatsa chakudya ndi tulo, mawu anabwera pambuyo.

Tchulani nkhawazo kwa Mulungu imodziimodzi, ndi mayina ake: ngongole ya uje, matenda a mwana, feteleza. Chitani mbali imene ili m'manja mwanu lero, za mawa zidikire mawa. Musadzitsekere m'nyumba. Tikumva kawirikawiri za abambo ndi anyamata odzipha chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja, ambiri osauzako aliyense chifukwa anakula akumva kuti mwamuna salira. Ngati tulo tasowa masabata ambiri, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zochotsa moyo wanu, pitani kuchipatala ndipo uzani abusa kapena mbale amene mumam'khulupirira. Kuonana ndi dokotala si kukana Mulungu.

Kodi Mkhristu alembe wilu? Ena amati n'kudziitanira imfa, ena amati n'kukonda chuma.

Lembani. Hezekiya atadwala, mneneri Yesaya anamuuza kuti akonze za nyumba yake (Yesaya 38:1). Yesu ali pamtanda anakonza za kumene amayi ake akakhale, n'kuwapereka m'manja mwa Yohane. Munthu amene akudziwa kuti sanabwere ndi kanthu ndipo sadzatenga kanthu ndi amene sayenera kuopa kukamba za imfa yake.

Fanizo la mwini nkhokwe lija linayamba ndi mkangano wa chuma cha masiye. Munthu wina m'khamu anapempha Yesu kuti auze mbale wake agawane naye, ndipo Yesu anayankha ndi chenjezo la msiriro. Mkangano umenewo tikuudziwa bwino. Pamaliro timaimba kuti pansi pano ndife alendo, ndipo manda asanaume ena a ife, ovala yunifolomu ya mpingo, tayamba kale kufunsa makiyi a nyumba, makhadi a ku banki ndi mapepala a puloti. Mayi ndi ana amatsala ndi mphasa ndi mapoto. Yakobo 1:27 amati mapembedzedwe oyera ndiwo kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo, ndipo Yesu anadzudzula alembi amene amadya nyumba za akazi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali (Marko 12:40). Lamulo la dziko lino la 2011 lokhudza chuma cha masiye limanenanso kuti kulanda katundu wotere ndi mlandu.

Wilu iyenera kulembedwa, kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo n'kusainanso, ndipo ndi bwino kuti mbonizo zisakhale anthu amene adzalandireko kanthu. Funsani kwa loya, ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau kuti akuthandizeni kalembedwe ndi kosungira. Uzani mkazi kapena mwamuna wanu kumene kuli mapepala a malo ndi ngongole zimene muli nazo. Ndipo akulu a mpingo, pamene mukukonza za mwambo wa maliro, sankhani anthu awiri oti akapitenso kunyumbako patatha mwezi umodzi, akaone ngati wamasiye uja adakali m'nyumba yake.